Ubuntu wanga wasowa atandiikira Windows 11, mafayilo apita kodi?

Kadzidzi265
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Laputopu yanga ndi HP EliteBook 840 G5, munali Windows 10 ndi Ubuntu 22.04 limodzi. Ndikayatsa pamabwera kaskirini kakuda ka GRUB kaja, ine n'kusankha koti ndilowe. Loweruka ndinapita nayo ku shopu ina m'tauni muno kuti andiikire Windows 11. Ndinamuuza mnyamatayo kawiri konse kuti mbali ya Linux asakhudzeko, iye amvekere "musadandaule bwana." Kufika kunyumba, kuyatsa, ikungothamangira mu Windows, GRUB osaonekanso. Pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ili mu Ubuntu ndipo Lachinayi ndikuyenera kukaionetsa kwa aphunzitsi. Backup ndilibe. Musandikalipire, ndadzikalipira kale ndekha usiku wonse.

Mbewa_Zatha
Backup mulibe? Pepani maliro kkkk

NaPhiri_IT
Mbewa, munthu akulira inu mukuseka. A Kadzidzi, musanachite chilichonse, mu Windows momwemo dinani batani la Windows ndi X pamodzi, musankhe Disk Management, mutiuze zomwe mukuona. Musafomate kanthu, musafufute kanthu, ngakhale kompyuta ikukakamizeni bwanji.

Kadzidzi265
Ndikuona zinayi. Ka 100 MB kolembedwa EFI System Partition, kenako C: ya 140 GB, kena kakang'ono ka Recovery, ndiye kumapeto kuli ya 97 GB yopanda chilembo, yopandanso dzina. Angoti Healthy basi.

NaPhiri_IT
Pumani mpweya. Ya 97 GB imeneyo ndiye Ubuntu wanu. Windows sadziwa kuwerenga ext4, kasungidwe ka mafayilo ka Linux, n'chifukwa chake akungoiyang'ana ngati mlendo. Nyumba ilipo, chasowa ndi chitseko. Tsopano zimitsani, poyatsa muzidina F9 mobwerezabwereza. Pa HP ndi pomwe pamabwera mndandanda wa zoti kompyuta ibutire. Onani ngati pali mzere wolembedwa ubuntu.

Gwaladi_Root
Zonsezi n'kuchedwa. Tengani fulashi ya Ubuntu, Try Ubuntu, tsegulani terminal, mount partition ya Linux, kenako `sudo grub-install --boot-directory=/mnt/boot /dev/sda`, mwatha. Ndakonza makompyuta ambirimbiri ndi mzere umodzi umenewu.

MkuluWaSeva
A Gwaladi, mzere wanuwo ndi wolondola, koma wa kompyuta ina. Ndilongosole pang'ono chifukwa pagulu pano chisokonezo chimenechi chimabwera mwezi ndi mwezi.

Makompyuta akale a BIOS amawerenga ma byte 512 oyambirira a disiki, otchedwa MBR. M'menemo malo a pulogalamu yodzutsa kompyuta ndi ochepa, sapitirira ma byte 446, ndipo mpando wake ndi umodzi. Woikidwa komaliza ndiye amakhalapo. Mukaika Windows pambuyo pa Linux, amalemba pamwamba pa GRUB, ndiye mankhwala ake analidi kumulembanso GRUB pa /dev/sda monga mwanenera.

UEFI, yomwe inalowa m'malo mwa BIOS yakaleyo pa makompyuta atsopano, simayendera zimenezo. Pali partition yaing'ono ya FAT32, yomwe a Kadzidzi aiona ya 100 MB ija, ndipo aliyense amakhala ndi foda yake mkatimo. Windows amakhala mu EFI/Microsoft/Boot, fayilo yake ndi bootmgfw.efi. Ubuntu amakhala mu EFI/ubuntu, muli shimx64.efi ndi grubx64.efi. Salimbirana mpando. Chomwe chimasankha woyamba ndi mndandanda womwe umasungidwa pa motherboard, osati pa disiki. Nthawi zambiri mukaikamo Windows, iye amangodziika pamwamba pa mndandandawo, Ubuntu ali chikhalire m'foda yake. Zikatero palibe choikanso, mumangosintha ndondomeko mu BIOS kapena ndi `efibootmgr -o`, mphindi ziwiri sizikwana.

Windows 11 amafuna UEFI, ndipo a Kadzidzi atiuza kale kuti akuona EFI System Partition. Komanso laputopu imeneyo mwina ili ndi disiki ya mtundu wa NVMe, yomwe Linux saitchula kuti sda, ndiye /dev/sda ikhoza kukhala fulashi yomwe abutirayo. Mungawalembetse GRUB pa fulashi ya eni ake.

Gwaladi_Root
Chabwino bwana, ndamva. Ine anga ambiri ndi ma desktop akale a m'masukulu, a Core 2 Duo, kumeneko mzerewu sunandikhumudwitsepo.

Kadzidzi265
Ndadina F9. Pali Windows Boot Manager, pali za network, basi. ubuntu palibe.

MkuluWaSeva
Ndiye kuti mwina mnyamatayo anafufuta partition ya EFI yakale pamodzi ndi C:, Windows n'kupanga yakeyake yatsopano. Foda ya ubuntu inapita nayo limodzi. Tikaona tikalowa ndi fulashi. Muli nayo ya Ubuntu?

Kadzidzi265
Ndilibe. Ndipo bandulo yanga yatsala 800 MB.

Mbewa_Zatha
Ubuntu 24.04 ndi pafupifupi 6 GB aise. Kagulitseni nkhuku.

Tsabola_Wakale
Kale ISO ya Ubuntu inkakwana pa CD imodzi ya 700 MB. Canonical inkatumizanso ma CD aulere pa positi, pulogalamu yake inkatchedwa ShipIt, inatha mu 2011. Ine yanga yoyamba ndinailandira m'kaenivelopu, ndinaisunga ngati satifiketi ya ukwati. Lero chinthu chomwecho mpaka 6 GB, muli chiyani m'menemo?

NaPhiri_IT
Achimwene a Tsabola, za ma CD tidzacheza Lachisanu munthuyu akapereka pulojekiti. A Kadzidzi, sikuti mpaka ikhale ya Ubuntu 22.04 yeniyeniyo. Fulashi iliyonse ya Linux ya 64-bit ichita, kaya Mint kaya Debian, chifukwa tikalowa ndi chroot tizigwiritsa ntchito mapulogalamu a Ubuntu wanu yemwe ali pa disiki. Funsani anzanu a m'kalasi.

FundiWaMsika
Ndaona anthu ayamba kumuloza chala mnyamata wa shopu, ndiye ndilankhuleko ngati munthu wa ntchito yomweyo. Kasitomala amabwera n'kunena kuti "mufomate C: yokha." Ukafika pa skirini ya ma partition ija sipalembedwa kuti iyi ndi ya Linux, iyi ndi ya ndani. Pamangooneka Drive 0 Partition 1, Partition 2, mpaka m'munsi. Tonse tinaphunzitsidwa kuti tizigawo ting'onoting'ono ta System, MSR ndi Recovery tizichotsa kuti Windows apange tatsopano. Pa makompyuta 100, a Linux mwina ndi awiri. Mnyamatayo anasiya ya 97 GB osaikhudza, anamvera ndithu. Sanadziwe chabe kuti kachigawo ka 100 MB kaja ndi ka anthu awiri.

Mbewa_Zatha
Kusadziwako ndiye vutolo. Ndalama analandira yonse.

FundiWaMsika
Inu munabadwa mukudziwa efibootmgr?

Chiphadzuwa_dev
Funso langa ndi lina. Masiku ano dual boot, ma system awiri osankha poyatsa, ya chiyani? Ikani WSL2, yoyendetsera Linux mkati mwa Windows momwemo, Ubuntu akhale pawindo lake, nkhani ya GRUB itheretu. Kapena VirtualBox.

Tsabola_Wakale
Pa RAM ya 8 GB? Windows 11 adye yake, browser idye yake, VirtualBox itsale ndi nyenyeswa. Komanso ena timafuna Linux agwire hardware yeniyeni. Yesani kuika khadi la Wi-Fi la mkati mwa laputopu pa monitor mode, yomvetsera ma network onse ozungulira, kudzera mu WSL muone.

Chiphadzuwa_dev
Ndi angati pagulu pano akufuna monitor mode? Ambiri ndi Python ndi Docker basi, zomwe WSL2 imachita bwinobwino.

Tsabola_Wakale
Ine WSL ndimaiona ngati kudya nsima ndi foloko. Kukhuta ukhuta, koma.

Kadzidzi265
Ndabwerako. Mnzanga wa chipinda choyandikana wandibwereka fulashi ya Ubuntu 22.04 yomwe. Ndalowa Try Ubuntu. `lsblk -f` ikuonetsa nvme0n1p1 vfat, p2 yopanda kanthu, p3 ntfs, p4 ntfs, p5 ext4. Ndipo sda ndi fulashi ija, monga ananenera a MkuluWaSeva. Ndatsegula p5 mu Files, foda ya pulojekiti ILIPO. Manja akunjenjemera.

NaPhiri_IT
Imani pomwepo. Koperani fodayo kaye, pa fulashi ina, pa foni, paliponse. GRUB adikire. Mukatero ndiye tiyambe kuseweretsa disiki.

Kadzidzi265
Ndakopera pa foni ndi pa memory card ya kamera ya mlongo wanga. Tiyeni.

MkuluWaSeva
Mzere umodzi umodzi, osathamanga. Wina ukabweza uthenga wachilendo, imani mutiuze.

`sudo mount /dev/nvme0n1p5 /mnt`
`sudo mount /dev/nvme0n1p1 /mnt/boot/efi`
`ls /mnt/boot/efi/EFI`

Wachitatuwo utiuza ngati foda ya ubuntu ilipo. Ngati mukuona Boot ndi Microsoft zokha, pitirizani:

`for i in dev proc sys run; do sudo mount --rbind /$i /mnt/$i; done`
`sudo chroot /mnt`
`grub-install --target=x86_64-efi --efi-directory=/boot/efi --bootloader-id=ubuntu`
`update-grub`

Chomwe chroot ikuchita n'chakuti terminal yanu iziona /mnt ngati ndiye muzu wa zonse, ngati kuti mwabuta Ubuntu wa pa disiki uja. Mzere wa `for` ukumubwereka maso ndi manja, kuti aone ma disiki ndiponso athe kulemba dzina lake pa mndandanda wa pa motherboard.

Kadzidzi265
Munali Boot ndi Microsoft zokha, munalondola. Koma grub-install yalemba kuti "EFI variables are not supported on this system." Ndaononga?

MkuluWaSeva
Simunaononge. Tulukani mu chroot ndi `exit`, mulembe `ls /sys/firmware/efi`.

Kadzidzi265
No such file or directory.

MkuluWaSeva
Ndi zimenezo. Fulashi mwaibuta mwa Legacy, njira yakale ya BIOS ija, osati mwa UEFI. Ndinayenera kukuuzani muone zimenezi poyamba penipeni, kulakwa n'kwanga. Foda imeneyo imapezeka pokhapokha kompyuta yadzuka mwa UEFI, ndipo popanda iyo Linux alibe njira yolembera pa mndandanda uja. Yambitsaninso, F9, muyang'anitsitse. Fulashi imodzi yomweyo ioneka kawiri. Sankhani yomwe ili ndi mawu akuti UEFI. Kenako bwerezani mizere yonse kuyambira pa mount.

Gwaladi_Root
Ndiye kuti Legacy ndi yotsegula mu BIOS mwawo. Mwina mnyamata uja anaitsegula kuti fulashi yake ibute, n'kuzimitsa Secure Boot, chitetezo chija cholola mapulogalamu ovomerezeka okha kudzutsa kompyuta.

Nkhululu_UK
Poti mwatchula Secure Boot, ndichenjezeko ndisanaiwale. A Kadzidzi, musanasinthe chilichonse mu BIOS, lowani mu Windows, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe `manage-bde -status`. Ngati BitLocker, loko wa Windows wokhomera disiki, ndi yoyaka, pezani kiyi yake ya manambala 48 muilembe papepala. Ine chaka chatha ndinazimitsa Secure Boot pa laputopu yanga kuti ndiyese distro ina, osadziwa kuti disiki ndi yokhoma. Pobwerera ku Windows ndinakumana ndi skirini ya buluu ikufuna kiyi. TPM, kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa kompyuta, imaona kuti njira yomwe kompyuta yadzukira yasintha, ndiye imakana kumasula disiki. Mwayi wanga kiyiyo inali mu akaunti yanga ya Microsoft, ndinaipeza pa foni, koma thukuta lomwe ndinatuluka m'mphindi 20 zimenezo, kunja kukuzizira, silinali la masewera. Ndinalakwa ndine, sindinafunse. Safunsa anadya phula.

Kadzidzi265
Ndaona, akuti Protection Off, Fully Decrypted. Ndabutanso fulashi, ulendo uno ya UEFI. grub-install yati "Installation finished. No error reported." update-grub yapeza ma kernel awiri, ndipo pamapeto yalemba kuti Found Windows Boot Manager on /dev/nvme0n1p1. Ndikuyambitsanso.

Arch_Mbuzi
Muli ndi mwayi kuti Windows wapezeka yekha. Kwa ena amene adzawerenge izi: kuyambira GRUB 2.06, ya mu 2021, os-prober, kapulogalamu kofufuza ma system ena pa disiki, kamabwera kozimitsa pokhapokha distro yanu ikayatse yokha. Windows akapanda kuoneka pa menyu, tsegulani /etc/default/grub muikemo mzere wakuti `GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false`, kenako update-grub. Ife a Arch tilibe update-grub, timalemba `grub-mkconfig -o /boot/grub/grub.cfg`.

Mbewa_Zatha
Munthu wa Arch sangathe mphindi zisanu osanena kuti ndi wa Arch.

Kadzidzi265
Abale. GRUB wabwera, ndinakuwa ndi chimwemwe mpaka anzanga kudzasuzumira. Ndasankha Ubuntu, yaima pa mzere wakuti "A start job is running for /dev/disk/by-uuid" ikuwerenga mpaka 1min 30s, kenako "You are in emergency mode." Chatsalanso n'chiyani?

Gwaladi_Root
Mwina kernel yaonongeka. Yesani Advanced options musankhe yakale.

NaPhiri_IT
Si kernel. Taganizani: partition ya EFI ndi yatsopano, ndiye UUID yake, nambala yoizindikirira, ndi yatsopanonso. Koma mu /etc/fstab ya Ubuntu, fayilo yomwe imamuuza ma partition oti atsegule poyaka, mukadali nambala ya partition yakale, yomwe inafufutidwa Loweruka. Ubuntu akudikira munthu amene anasamuka. Amadikira masekondi 90, akalephera amagwera mu emergency mode.

Pomwe mulipo dinani Enter, mupeza terminal ya root. Lembani `blkid /dev/nvme0n1p1`. Muona UUID yaifupi, zilembo zinayi, kamzere, zilembo zinayi, chifukwa ya FAT32 siitalika ngati ya ext4. Ilembeni papepala. Kenako `nano /etc/fstab`, pezani mzere womwe uli ndi /boot/efi, mufufute UUID yakale muike yatsopanoyo. Mzere wa / musaukhudze. Ikakana kusunga ponena kuti read-only, tulukani mulembe `mount -o remount,rw /` muyambirenso. Mukasunga, `mount -a`. Ikangokhala chete osadandaula, `reboot`.

MkuluWaSeva
Achemwali mwandigwira. Ndinanena ndekha kuti partition inapangidwanso, fstab n'kuiiwala. Zikanakonzedwa tili mu chroot momwe muja.

NaPhiri_IT
Inenso ndinaidziwa itandiluma. Ndinakhala Loweruka lathunthu ndikuikanso GRUB katatu, vuto lili pa mzere umodzi wa fstab.

Kadzidzi265
NDALOWA. Desktop yanga, wallpaper yanga, pulojekiti ikutseguka. A NaPhiri, a MkuluWaSeva, Mulungu akudalitseni. Ndayesanso Windows kuchokera pa menyu, akulowa bwinobwino.

FundiWaMsika
Ine ndalemba zonsezi m'kope langa la ku shopu. Funso limodzi: ndikamuikira kasitomala wotere Windows, ndizitani kuti zisafike apa?

MkuluWaSeva
Fomatani partition ya C: yokha, muisankhe, Next. Ya System ija muisiye, Windows aigwiritsa ntchito momwe ilili ndipo foda ya ubuntu saichotsa. Akamaliza adziika patsogolo, inu mulowe mu BIOS ndi F10 pa HP kapena F2 pa Dell, mukweze ubuntu pamwamba. Fulashi yanunso muziibuta mwa UEFI. Ngati mumapangira Rufus, pa Partition scheme sankhani GPT. Windows wa Legacy ndi Linux wa UEFI pa kompyuta imodzi sagwirizana, GRUB wa mbali ina sangadzutse mnzake wa mbali inayo.

China choti mudziwe: Linux Mint nayenso amagwiritsa ntchito foda yomweyo ya EFI/ubuntu. Munthu akakhala ndi Mint ndi Ubuntu pa disiki imodzi, woikidwa komaliza ndiye mwini menyu.

Chiphadzuwa_dev
Zonsezi mukanakhala pa WSL sizikanachitika, ndangodutsa.

Tsabola_Wakale
Akanakhala pa WSL pulojekiti ikanakhala mu C:, yomwe inafomatidwa Loweruka. Dutsani bwino.

Nkhululu_UK
A Kadzidzi, zimitsaninso Fast Startup mu Windows watsopanoyo. Imabwera yoyaka, ndipo ikakhala choncho Shut down sazimitsa kwenikweni, amangogoneka. Mukalowa mu Ubuntu mupeza partition ya Windows ikukana kulembedwa. Ili mu Control Panel, Power Options, pa Choose what the power buttons do. Kapena `powercfg /h off` ngati hibernate simuifuna n'komwe.

Za Secure Boot, Ubuntu amayenda nayo bwino chifukwa cha shim, kafayilo ka shimx64.efi kaja komwe Secure Boot imakavomereza, ndiye mukhoza kuiyatsanso mukafuna. Ingoonetsetsani kuti Ubuntu wanu ndi wa update. Mu August 2024 update ina ya Windows inachititsa kuti makompyuta ambiri a dual boot okhala ndi shim yakale akane kulowa mu Linux, akulemba kuti "Verifying shim SBAT data failed: Security Policy Violation." Koma ine ndikanati zimenezi mudzazione Lachisanu. Chinthu chikuyenda, chisiyeni mpaka mupereke ntchito.

Kadzidzi265
Sindikhudzanso BIOS mpaka Lachisanu, ndalumbira. Koma pali kena kakang'ono. Ndikachoka mu Ubuntu kulowa mu Windows, wotchi ikutsalira ndi maola awiri ndendende. Pano ndi 21:40, Windows akuti 19:40. Kale sizinkatero.

Arch_Mbuzi
Wotchi ya pa motherboard ndi imodzi, koma awiriwa amaiwerenga mosiyana. Linux amasungamo nthawi ya UTC n'kuonjezera yekha maola a dera lanu. Windows amaganiza kuti zomwe zili m'menemo ndi nthawi ya kwanuko kale. Malawi ali pa UTC+2, ndiwo maola awiri anuwo. Ngati kale sizinkachitika, mwina munakonzapo mu Windows 10 uja n'kuiwala, ndipo zinapita ndi kufomata. Njira yachidule, mu Ubuntu: `timedatectl set-local-rtc 1`. Ikuchenjezani kuti njirayi imavuta m'mayiko osintha wotchi ndi nyengo, koma kwathu kuno sitisintha. Njira yomwe ine ndimakonda ndi kuuza Windows kuti aziwerenga UTC, poika RealTimeIsUniversal kukhala 1 mu registry, pansi pa TimeZoneInformation. Sankhani imodzi, osati zonse ziwiri.

Nkhululu_UK
Kuno vuto limeneli limabisala. M'nyengo yozizira nthawi ya ku Britain ndi yofanana ndi UTC, ndiye zonse zimaoneka bwino. Kumapeto kwa March akasuntha wotchi, mwadzidzidzi Windows watsalira ndi ola limodzi, iwe n'kumaganiza kuti batire la CMOS latha. Ndinagula latsopano chifukwa cha zimenezi.

Kadzidzi265
Ndapanga ya timedatectl, zalongosoka. Komaliza ndithu: menyu ikudikira masekondi 10 kenako n'kulowa Ubuntu. Mlongo wanga amagwiritsa Windows, akayatsa n'kupita kukatenga madzi amapeza ili mu Ubuntu, amandiimbira foni.

NaPhiri_IT
Mu /etc/default/grub sinthani mzere wa GRUB_DEFAULT ukhale `GRUB_DEFAULT=saved`, pansi pake muonjezere `GRUB_SAVEDEFAULT=true`, kenako `sudo update-grub`. Izikumbukira komwe munalowa komaliza. Zimathandizanso Windows akamapanga update n'kumadziyambitsa yekha kangapo, sakagweranso mu Ubuntu pakati pa ntchito. Masekondi ali pa GRUB_TIMEOUT. Fayilo ya /boot/grub/grub.cfg musailembe ndi manja, update-grub imailembanso yonse kernel ikangosintha.

Mbewa_Zatha
Ndiye backup mwapanga kapena tidikire gawo lachiwiri?

Kadzidzi265
Malo atatu aise. Foni, memory card, ndi GitHub, bandulo yatherapo.

Dzungu_Room14
A Kadzidzi, ndangolowa pagulu pano ndipo ndawerenga zonse. Zosangalatsa kwambiri. Fulashi yanga ija mubweretse musanagone, muli ma assignment anga.